Nyerere za M'miyendo mwa Amayi

Achimwene,

Kuno ku Chipata ndi madzulo, kwachita mitambo koma mvula sikugwa. Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Ine ndilipo, koma amayi awagoneka m'chipatala.

Atachira korona, anayamba kudandaula kuti nyerere zikuwayenda kumapazi. Ndinawaza phulusa kuzungulira mphasa yawo, monga timachitira likabwera linthumbu. Kutacha phulusalo linali losapondedwa, koma iwo anati, "Mwanawe, zafika m'mawondo." Tsopano sakutha kuimirira.

Adokotala akuti si nyerere ayi, ndi chitetezo cha thupi lawo lomwe chimene chikuwononga mitsempha. Akuti zikafika pachifuwa, adzavutika kupuma.

Lero ndawaona amayi akudzisisita pamchombo mwakachetechete. Sindinawafunse.

Chonde bwerani msanga. Mulungu akuyendetseni bwino.

Ine mlongo wanu,
Misozi

Ndamaliza Lachitatu, 5 koloko madzulo.