Ndinatsitsa Dengu la Amayi

Thyolo Boma,
2 Okutobala, 2023.

Okondedwa achemwali a Teleza,

Landirani moni wochokera kuno ku tiyi. Ndikhulupirira kuti ku Mzuzuko muli bwino pamodzi ndi alamu a Benard ndi ana. Musadabwe kuona kalata yapamanja ngati ndabwerera kupulayimale. Katatu konse ndayamba kujambula mawu pafoni, katatu konse ndafufuta. Ndiye ndati bola pepala, chifukwa silimva munthu akamameza malovu. Ndapatsira a Nuhu a lole aja, akuti Lachitatu akhala atafika kwanuko.

Munati ndikukonzereni ndondomeko ya zoti mudzachite mukabwera pa wikendi ya Tsiku la Anakubala, poti mukubwera ndi apongozi anu omwe sanapondepo kummwera kuno. Mwalasa, achemwali, chifukwa kuonetsa alendo malo ndiye ntchito yomwe ikundidyetsa paloji pano. Ndiye tamverani.

Loweruka likhale la mu Blantyre. Mwasankha nthawi yabwino: jakaranda wachita maluwa tauni yonse, misewu ina yachita kuyala pansi ngati mwakonzedwa ukwati. Muyambire patchalitchi chakale chanjerwa cha pa HHI dzuwa lisanakwiye. Apongozi anuwo, poti ndi amvano, ndikudziwa adzafuna kujambulitsa mbali zonse zinayi, asiyeni. Mukatero mupite kumyuziyamu ku Chichiri ana akaone zisitima zakale zija. Phiri la Michiru ndalichotsapo. Ndi kutentha kwa mwezi uno, alamu ndi mimba yawo ija tingadzachite kuwatsitsa pamachira, musawauze kuti ndatero. Masana mulowe mumsika wa Limbe mukawagulire apongoziwo chitenje, koma chikwama chikhale kutsogolo. Pobwera kuno muime pa Bvumbwe mugule ndiwo zamasamba ndi mbatata. Musagule kwa woyamba kuthamangira galimoto, ndipo alamu asatsegule pakamwa, akangomva Chichewa chawo chakumpotocho tomato akwera mtengo pomwepo.

Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzakuyendetsani m'minda ya tiyi, kenako mudzalawe tiyi wamitundumitundu kuloji kuno, wopanda shuga, ngakhale ndikudziwa inu mudzabisa shuga m'chikwama. Phiri la Mulanje mwina lidzaoneka, mwina ayi, chifukwa kunja kuli utsi wa moto wolusa. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha: apongozi anu asadzafunse zoona anthu othyola tiyi. Ndipo apa m'pamene cholembera changa chayamba kulemera.

Inu mukudziwa kuti chilimwe chino tiyi amakhala atagona. Minda yambiri yaduliridwa, yangotsala zitsa, ndipo anthu ambiri othyola ali kwawo kudikira mvula. Mwana aliyense wobadwira m'malaini a paesiteti amadziwa zimenezi. Koma ine, namadziwa, nditapatsidwa ntchito yolemba kapepala koitanira alendo a wikendi, ndinalembapo ndi zilembo zazikulu kuti adzaona amayi akuthyola tiyi ndipo adzajambulitsa nawo. Ndinadya mfulumira, ndimafuna abwana anga andiyamikire. Anthu khumi ndi awiri a muofesi ina ya mu Blantyre anatenga malo a Loweruka la pa 16 Seputembala, ndipo pafoni anachita kunenetsa kuti chimene akudzera ndi chomwecho.

Litafika Lachisanu ndinalibe wothyola ndi mmodzi yemwe. Munda wokha ndinaupeza, wa a Lackson, uja uli m'mphepete mwa mtsinje kumunsi kwa nyumba ya amayi, poti chinyezi chimathandiza umakhalako ndi timasamba tanthete. Azimayi awiri omwe ndinapangana nawo anapita kumaliro ku Changata. Mutu unaima, achemwali. Kenaka miyendo yanga inanditengera kwathu.

Mukukumbukira tsiku lomwe amayi anapuma ntchito, adokotala atanena kuti msana wawo watha ndi dengu la zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri? Inu mumafuna kuliwotcha dengulo, amayi n'kukana kuti latilera. Ndiye munakwera pampando n'kulimangirira kudenga, mumvekere, "Ife tili moyo, dengu ili silidzakhudzanso msana wa amayi." Ine ndinavomera mokweza kuposa inu nomwe. Achemwali, dengu lija ndinalitsitsa ndine, ndi manja angawa, nditakwera pampando womwe uja.

Amayi sanandivute m'pang'ono pomwe. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde, ndipo nditawafotokozera anangofunsa kuti, "Ukapanda kupeza munthu, akuchotsa ntchito?" Ndinati mwina. Iwo anati, "Ndiye ukuchedweranji, Tiri? Litsitse tilikunthe fumbi, kangaude asakachititse manyazi." Anaseka, ine ndinasekanso. Ndinadzinamiza kuti ndi kanthawi kochepa chabe, dengu lake lopanda kanthu, palibe chomwe chingavute.

M'mawa mwake basi itafika, woyamba kutsika anali Faith. Mwina simukumudziwa, tinali kalasi imodzi kusekondale yogonera konko, mwana wa mabwana, uja amabwera ndi sutikesi ya matayala ife tikunyamula chikwama cha saka. Pazaka zinayi zonse zija ine ndinkamuuza kuti mayi anga ndi kalaliki muofesi ya paesiteti. Bodza la mwana wa Fomu 1, ndinali nditaliyiwala ndi kuliyiwala. Atandikumbatira anakuwa kuti, "Triza! Ndiwe? Mayi ako aja akadali muofesi muja?" Ine m'malo mokonza zinthu pomwepo ndinati anapuma. Limenelo lokha silinali bodza.

Tinatsetsereka kumunda kwa a Lackson. Amayi anali atafika kale, atavala chitenje chawo chakutchalitchi chija, duku lochapa bwino, dengu lili kumsana. Ataona gulu lathu anamwetulira, nkhope yonse kuwala, poti kanali koyamba kundiona ndili pantchito, nditavala yunifolomu, ndikuyankhula Chingerezi anthu n'kumamvetsera. Ndinaona ndi maso angawa kuti akundinyadira.

Alendo anawazungulira ndi mafoni. Amayi, mukuwadziwa, sadziwa kuchita zinthu mwachiphamaso. Ndinawauza kuti azingogwiragwira masamba, koma iwo anayamba kuthyola zenizeni, manja onse awiri, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo osayang'ana. Bambo wina atayesa n'kuzula nthambi yonse, amayi anamumenya kakhofi padzanja, amvekere, "Ayi bambo, tiyi si nkhwani!" Anthu anafa nalo phwete. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino.

Kenaka Faith anandikoka dzanja n'kufunsa mokweza, amayi ali pafupi ngati apa ndi apo, kuti, "Koma agogowa ndi osangalatsa bwanji! Mwawatenga kuti? Dzina lawo ndani, ndilembe pachithunzi?"

Achemwali, pakamwa panga panatuluka mawu awa: "Ndi mayi wina wa m'mudzi muno, timangowapempha akakhala alendo."

Ndawalemba monga momwe ndinawanenera, sindinachotsepo kapena kuwonjezera. Ndinanena m'Chichewa, ndiye sindinganame kuti sanamve. Manja awo anaima pamwamba pa tiyi kanthawi kochepa, kenaka anapitiriza kuthyola. Sananditembenukire. Anathyola mzere wonse mpaka kumapeto, dzuwa lili pamutu, alendo atasiya kale kujambula.

Atamaliza anabwera pomwe ndinaima, nagwada pang'ono monga ankachitira kwa kapitawo pasikelo, n'kunena kuti, "Abwana, ndamaliza. Ndingaweruke?" Faith anawomba m'manja kuti ulemu wa anthu akumudzi ndi wosowa masiku ano. Ine ndinangogwedeza mutu. Ndinawaona akukwera chitunda chija okha, dzanja lina lili m'chiuno, dengu likadali kumsana chifukwa panalibe wowatula. Ndikanathamanga, achemwali, sipanali patali. Koma ndinatsogolera alendo kukalawa tiyi.

Lamulungu ndinapita kunyumba. Ndinawapeza atagona chafufumimba pamphasa, msana utadzuka. Masiku anayi sanathe kuwerama, madzi amawatungira ndi akazi a a Lackson. Panopa akuyenda, musade nkhawa kwambiri, mankhwala opaka aja ndinawagulira ndipo akupaka. Koma chimene chikundidya si msana wokha. Chichokereni tsiku lija sananditchulepo Tiri. Sanandikalipire, sanatembenukire ku Chilomwe monga amachitira akapsa mtima, bola akanatero. Ndikafika amandiyalira mphasa yatsopano ija ya alendo, iwo n'kukhala pansi. Amati, "Mwayenda bwanji, abwana?" Dzulo anandiphikira kalongonda, mukudziwa mmene ndimamukondera ndi mmene amavutira kuphika, koma anandipakulira m'mbale zagalasi zija n'kutuluka panja kuti ndidye ndekha.

Ndayesa kupepesa. Ndinagwada pakhomo ndikulira ngati mwana, iwo n'kundiyankha mofatsa kuti, "Mukupepesa chiyani? Inu munanena zoona, ndine mayi wina wa m'mudzi muno." Dengu lija akana kuti ndilibwezere kudenga. Aliyika pakhonde penipeni, pomwe aliyense wolowa ayenera kulilambalala, akuti likhale pafupi mwina abwana angadzalifunenso.

Mwambi uja tinkaimba kusukulu, woti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndinkauyesa wa ana opusa a m'mabuku. Lero ndi ine, mayi wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chingerezi chomwe ndimanyadira pamaso pa Faith chinachokera m'dengu lomwelo, tsamba ndi tsamba. Ndili ndi manyazi, achemwali, manyazi oti ndikamadutsa pamsika ndimaona ngati aliyense akudziwa.

Faith anaika chithunzi chija pa Fesibuku, ndipo anthu akuchigawana, akuti agogo a ku Thyolo osekesa. Tsiku lililonse mtima umakhala uli m'mwamba kuti mwina chafika kale pafoni panu. N'chifukwa chake ndati mumve kwa ine. Lachinayi lapitali ndinamuimbira Faith n'kumuuza kuti mayi aja ndi mayi anga ondibereka, sanakhalepo kalaliki, ndipo ndinanama kuyambira Fomu 1. Iye anati, "Iwe Triza, ndiye unawasiya asenze dengu lija okha?" Sanandinyoze za ukalaliki ayi, zimene ndinkaziwopa zaka zonse zija analibe nazo ntchito n'komwe. Kapepala kaja ndakasintha, za othyola tiyi ndazichotsamo. Amayi ndinawauza zonsezi, anangoti, "Mwachita bwino, abwana."

Ndiye pandondomeko ija ndawonjezerapo malo amodzi, ndipo ndi okhawo amene ndikukupemphani ndi mtima wanga wonse. Lolemba, poti ndi holide, alamu adzatenge mayi awo ndi ana akaone mitengo ya makademiya, inu ndi ine tidzapite kwa amayi awiriwiri. Mudzandikalipire pamaso pawo mmene mungathere, ngakhale khofi ndidzalandira, ndinu akulu ndipo lonjezo lija ndaphwanya ndine. Mwina akadzamva inu mukundizazira ngati mng'ono wanu, adzakumbuka kuti ndine mwana wa m'nyumbamo n'kundileretsa monga ankachitira tili ana. Kali kokha n'kanyama, achemwali, ndekha ndalephera. Chitenje cha Tsiku la Anakubala ndagula kale, koma ndikuwopa kuti ndikapereka ndekha adzalandira ndi manja awiri n'kuthokoza abwana.

Mundiperekere moni kwa alamu a Benard, muwauze kuti za mimba zija ndimangocheza. Moni kwa apongozi anu, tikuwadikira ndi manja awiri. Ana muwauze kuti anti awasungira nthochi. Akazi a a Lackson akuti mudzawabweretsereko mpunga wa ku Karonga ngakhale wapambale.

Mukudziwa kuti chipitireni inu kumpoto, sindinakutumizirenipo uthenga wopanda moni wa amayi kumapeto, uja amati, "Umuuze Teleza azivala juzi, kumeneko kumazizira." Dzulo ndisanatsanzike ndinawauza kuti ndikulemberani kalata, ndipo ndinafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiperekeko. Anayang'ana dengu lija, kenaka anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Mwana wanga ndidzamupatsa moni ndekha akabwera. Wantchito satuma bwana wake."

Ndiye kalata ino ikubwera yopanda moni wa amayi. Bwerani msanga, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Triza.