Telala Wodziwa Mahatchi

Lachiwiri, ku Barking, kuno kutsidya kwa nyanja. Kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Poweruka ndakumana ndi a Banda, amene mwana wawo akukwatira mwana wanga Chikondi. Amati pankhondo ya kwathu ku Zimbabwe anali telala. Koma tili pamsewu, hatchi ya wapolisi wina itadzidzimuka ndi basi yodutsa, a Banda anaigwira pakhosi n'kuinong'oneza mpaka inafatsa. Kenako anauza wapolisiyo kuti, "Lambayu mwamangitsa, simungathamangitse nayo munthu."

Telala amathamangitsa ndani?

Nditawafunsa kumene anaphunzira zimenezi, anayang'ana pansi. "Mayi, zakale zisiyeni."

Amene anatentha nyumba yathu pankhondo ija ndili mwana anali asilikali a pamahatchi. Loweruka kuli chinkhoswe, ndipo ineyo ndikagwade n'kuwasambitsa a Banda m'manja omwewo...