Mfuti Imene Atate Anaikana

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Braunstone, kutsidya kwa nyanja, kuzizira kwayamba. Mdzukulu wanu Chisomo anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kadimba kanga ka kuseri kandipatsa maungu ang'onoang'ono, koma nkhwani tadya mpaka kugawirako anzanga a kumpingo. Ntchito ndi yomwe ija yosamala okalamba. Msana ndiye wayamba kudandaula.

Nkhani yaikulu ndi ya mnyamata wanga Madalitso. Wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo wakalembetsa usilikali. Ndikufotokozereni bwino, Amayi: kuno sagwira anthu pakhomo ngati kwathu ku Angonia nthawi ya nkhondo ija. Munthu amapita yekha, amupima, asaina. Palibe anamukakamiza.

Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zimene inu munkatiuza. Kuti asilikali atabwera anthu akutuluka m'tchalitchi kudzatenga amuna, atate anati, "Katundu ndisenza, koma mfuti ayi, ndine Mkhristu." Kuti anawamenya n'kuwasiya. Munkamaliza ndi mawu aja akuti, "Atate anu anapita kumanda ndi manja oyera." Mwana anamvetsera, kenako anandiyankha m'Chingerezi chake kuti imeneyo ndi nkhani ya agogo, si yake.

Ndiye ndinachita zakwathu. Munkati mwana akakanika, mwini mbumba alipo. Ndinaimbira achimwene a Yobu ku Ntcheu, poti malume ake ndi iwowo, komanso nkhondo anaiona ndi maso. Ndinaika foni patebulo kuti tonse timve.

"Mphwanga, uli pompo?" anafunsa. "Amayi ako akuuza za manja oyera, eti?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinati, "Achimwene, muletseni mwanayu."

"Dikira, mlongo, unali wamng'ono iwe. Tsiku lija atate atakana, mkulu wa asilikali anati nyumba iliyonse ipereka mwamuna mmodzi, iwo kapena mwana wawo. Anawafunsa kawiri. Atate anatsinzina n'kuyamba kupemphera. Akutsinzina choncho, ine asilikali anandimanga chingwe m'chiuno. Ndinali ndisanamere ndevu."

Amayi, ine ndinkadziwa kuti achimwene anatengedwa. Ndinkadziwa kuti anabwerako alibe zala za kumanja, ndiponso kuti salowa m'tchalitchi ngakhale pa maliro. Koma munkati anawagwira kumunda.

Madalitso anafunsa m'Chichewa chake chopunduka, "Malume, munapha anthu?"

"Ndinaphera agogo ako, kuti iwo akalowe kumwamba osadetsedwa. Pita, mphwanga. Iwe bola adzakupatsa nsapato ndi malipiro. Mbumba yathu kupereka ana inazolowera." Anadula foni.

Mwana sanandinyoze. Anangonyamula makapu kukatsuka, ndipo zinandiwawa kuposa mawu.

Ndaganiza kwambiri m'basi popita kuntchito. Sindikunena kuti atate analakwa kukana. Lamulo likuti usaphe, ndipo iwo analigwira pamene ena analitaya. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mfuti si ya Mkhristu. Koma Abrahamu atakweza mpeni, Mulungu anatumiza nkhosa. Pabwalo la tchalitchi paja nkhosa sinabwere, ndipo amene analipira chikhulupiriro cha atate ndi mwana amene sanafunsidwe.

Inu munali pomwepo, Amayi, mutandigwira dzanja. Munaona zonse. Zaka zonse zija achimwene akabwera ataledzera, munkawatsekera chitseko n'kumati akuchititsa manyazi dzina la atate awo. Ine ndinkakuthandizani kutseka. Sindikukuzengani mlandu, poti mwina bodza lija ndi limene linakuthandizani kutilera. Ndikungofuna mudziwe kuti ndamva.

Madalitso anyamuka Lolemba. Mwini mbumba walola, ndipo ine amene ndinapita kukapempha chiweruzo sindingachikane. Ndamuchapira zovala, ndipo ndidzamuperekeza kusiteshoni ya sitima ku Leicester.

Atate ngati muli nawo pafupi, muwapatse moni. Muwauzenso kuti mfuti ija mdzukulu wawo wainyamula yekha, popanda chingwe.

Ndimakukondanibe, Amayi. Ndikulonjeza kuti sitima ikamachoka sindidzatsinzina. Ndidzapemphera maso ali pa mwana wanga.

Ndine mwana wanu,
Esinati