Mwendo Wachinayi wa Chipata

Lolemba, 3 Marichi

Chipata cha m'dimba chapendekeka. Chija chamatabwa chopindika pamwamba, chimene rozi la malemu amayi linayangapo. Chikagwa, rozi lithyokera patsinde, ndipo ndi lokhalo limene amayi anandisiyira. Anachikhoma ndi akatswiri a m'nyumba muno, amuna anga, ndi paini wosathira mankhwala. Ine ndinati tigule chachitsulo. Akuti chitsulo chimachita dzimbiri. Paini ndiye sawola kaya.

Lachiwiri, 4 Marichi

Achipaka penti. Kugwa chigwa ndithu, koma chigwa chowala.

Lachitatu, 5 Marichi

Alamu abwera kudzathandiza ndi pakamwa. Iwo akuti bulugamu, akatswiri akuti kungopaka oilo wakuda wa galimoto basi. Hamala palibe waigwira. Tiyi ndiye amugwira bwino.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndaitana kalipentala. Wabaya miyendo yonse inayi ndi msomali. Itatu ili gwa. Wachinayi, wa pafupi ndi tsinde la rozi, msomali wangolowa ngati m'buledi wonyowa.

"Mayi, pano mumathira madzi kangati?"

M'mawa ndi madzulo, ndowa yodzaza. Zaka zisanu ndi chimodzi. Manyowa ndinaunjikanso ndine, mpaka kukwirira thabwa. Kalipentala akuti mvula si vuto, thabwa limawola likamagona m'matope. Mwendo watsopano auika pa kachitsulo kozika mu simenti, usamagunde dothi.

Ndinadikira kuti akatswiri aseke. Angoti, "Ndinkaona, mayi. Koma ndikanakuletsani bwanji, poti mpamene mumachezera ndi amayi anu?"

Ndachita manyazi mpaka kukwiya.

Lachisanu, 7 Marichi

Kalipentala akuti posintha mwendo rozi lisowa pogwira, ndiye tilidule. Kunena mopepuka ngati ndi udzu. Ndakana. Ndakalirira kubafa.

Loweruka, 8 Marichi

Rozi silinadulidwe. Amuna anga anawerama pansi pake, nthambi zonse kumsana, maola awiri athunthu kalipentala akucheka ndi kukhoma. Munthu amene amabuula akangotola supuni pansi. Lathothoka duwa limodzi lokha.

Malaya atheratu. Ndawakhazika pakhonde, singano m'manja, kuti ndiwazule minga. Msana wonse timadontho ta magazi. Ndinafuna kunena kanthu kowaseka, koma ndangoyamba kufunafuna poyambira.

Akuti, "Yambani ndi wa paphewa, mayi. Ndi umene walowa kwambiri."