Penti wobiriwira pa mabawuti

Lolemba, 10 Malichi

Panelo ya kufakitale ya fodya ku Kanengo. Mabasiba anayi, zitsulo za kopa zonyamula magetsi onse a fakitaleyo: chofiira, chachikasu, chabuluu, ndi nyutulo pansi. Ndapinda ndekha, ndaboola ndekha, mipata ndayeza kawiri. Zokongola, ngakhale palibe wondiyamikira. Atsala mabawuti 48 a m'malumikizo.

A Gwanda, kapitawo wathu, abwereketsa sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti kwa mlamu wawo ku Biwi. Sipanala imodzi shopu yonse! Akuti ibwera mawa.

Lachitatu, 12 Malichi

Sinabwere. Dzulo anandituma ku Chigwirizano kukakonza mota ya chigayo. Lero ndikulowa, mabawuti onse 48 ali ndi mzere wa penti. Wobiriwira. Wanga.

Pano aliyense ali ndi mtundu wake. Ukamanga bawuti ndi sipanala ija mpaka ilire kuti tha, umajambula mzere kuchoka pa nati kufika pa kopa. Mzerewo ndi lumbiro: ndamanga ine. Amanga ndi sipanala wamba, mongoganizira, n'kulumbira m'dzina langa.

Nditawafunsa, a Gwanda akuti, "Mayi Luntha, musachulutse gaga, dzanja langa ndi geji, limayeza lokha." Dzanja lomwe limalephera kutsekula botolo la Sobo!

Lachinayi, 13 Malichi

Sindinasaine pepala lovomereza kuti panelo ili bwino. Bawuti yokhwepa pa basiba siiphulika lero. Imatentha pang'onopang'ono, kopa n'kuda, kenako tsiku lina munthu akuyatsa, moto kumaso. Amene aziyatsa ndi a Godwin a kufakitaleko, timakwera nawo minibasi pa Nsungwi m'mawa uliwonse. Ali ndi ana anayi.

Wajambula mizere ndi Weston, mnzanga wa pantchito. Wandiuza yekha kuseri kwa shopu, maso pansi. Bambo wamkulu, ndevu zaimvi, kumaopa kapitawo ngati mwana wasukulu. Ndamutukwana, ndipo sindikudandaula.

Loweruka, 15 Malichi

Panelo yapita dzulo popanda siginecha yanga. Asaina okha a Gwanda. Akuti fodya sadikira munthu.

Zovala ndachapa mpaka kung'amba kolala ya ovolosi. Nambala ya injiniya wa fakitale ndili nayo. Ndikaimba, ntchito yatha. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pa shopuyi. Ndani ku Kanengo angalembe mzimayi amene ananeneza shopu yake?

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndinaimba.

Injiniya anatiitanira kufakitale, n'kuyesa mabawuti ndi sipanala yake, tonse titaima pamenepo. Mabawuti khumi ndi atatu anazungulira, okhwepa. Imodzi pa chitsulo chachikasu inalibe ndi washala yemwe pansi pa nati. A Godwin anakhala pansi pa simenti.

Kenako injiniya anafunsa kuti penti wobiriwirayo ndi wa ndani. A Gwanda anayang'ana kudenga. Weston anayang'ana nsapato zake. Ndinayankha kuti ndi wanga koma sindinajambule ndine. Akuti ndiye wajambula ndani? Sindinamutchule. Mkazi wa Weston ali chigonere chaka chino chonse.

Kushopu andiimitsa ntchito. Lachisanu ndikafotokoze kwa abwana.

Lachinayi, 20 Malichi

Kalata yopita kwa abwana ndalemba katatu. Ndikatchula a Gwanda okha, akana, penti si wawo. Ndikatchula Weston, ntchito yake yatha, yanga mwina yapulumuka. Ndikapanda kutchula, wabodza ndine.

Mkwiyo ukundiwawa mpaka m'mano. Ine ndinangomanga panelo yabwino.

Weston ali pageti. Wavala malaya a kutchalitchi, m'manja muli pepala lopinda. Akugogoda kachitatu tsopano. Sindikudziwa ngati wabwera kudzavomera kapena kudzapempha kuti ndikhale chete.