Pagolo panali munthu wina

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Timu ya koleji ya aphunzitsi inadzasewera kuno ku Kafue lero, koma pagolo panali munthu wina, osati achimwene anga a Yosefe. Iwo anatsika lole ya timu n'kubwera kunyumba. Ine ndinaima ndekha kuseri kwa golo, ndikumva zonse.

Wina wogwira ntchito kunjanji anati, "Ba Yosefe anawagula a timu ya kumigodi." Mnzake anaseka: "Migodi yabwanji? Anapatsa mimba kamtsikana ka ku Shimabala." Mdala wogulitsa nsomba anati ndi ndale zokana boma la azungu la Federesheni, awamanga posachedwa. Atandiona anafunsa mosakaniza ndi Chibemba, "Iwe mwaiche, mwana iwe, mkulu wako ni shani, watani?" Ndinati sindidziwa.

Koma ndikudziwa. Patchuthi ndinkawaponyera mpira kuseri kwa nyumba, ndipo uliwonse wopita kumanzere unkawadutsa osauona. Diso lakumanzere lachita chifunga, linalo layambanso. Anandigwira dzanja nati, "Akoleji akamva andichotsa. Ndani angafune mphunzitsi wosaona bolodi? Aleke anthu anene, ine ndingomaliza chaka chino."

Ya mimbayo yafika kale kwa amayi. Madzulo sanadye, ndipo achimwene sanakane kanthu.

Mawa kutchalitchi achimwene awapempha kuyambitsa nyimbo. Manambala a nyimbo amalembedwa ndi choko kutsogolo, kutali ndi benchi yathu. Ndikhala pambali pawo ndiziwanong'oneza. Koma amayi amakhala mbali ya azimayi moyang'anana nafe, ndipo amayi akaona milomo yanga ikugwedera...