Chidole cha Mayi Hollis

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndine Esinati. Ndikudziwa kuti pamaliro panu anthu anayankhula zambiri poona kuti ine palibe, ena mpaka kunena kuti Mangalande andilowa m'mutu. Lero ndati mumve kuchokera pakamwa panga.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti mlongo wanga Yohane amandiimbira. Mng'ono wanga Lusiya anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mbatatesi ya m'dimba lanu ku Tsangano inachita bwino, ngakhale chiwawu chinawononga mizere ya kumunsi. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, mpaka pano Yohane akungoti mawa. Kuno mdzukulu wanu Takondwa wayamba sekondale. Ndikamuyankhula Chichewa amamva bwinobwino, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Mukukumbuka kuti ndikaweruka kuchipatala ndinkapita ku Kings Heath kukasamalira gogo wachizungu, Mayi Hollis, kudzera ku kampani ya manesi oyenda m'makomo. Ndinkawasambitsa, kuwatsuka zilonda za m'miyendo, kuwadyetsa. Mwana wawo, bambo wamataye, ankaoneka pa Khirisimasi pokha.

Pabalaza pawo panali kabati yagalasi yodzaza zidole za dothi loyera, longa la makapu anu a alendo aja. Tianyamata toimba zitoliro, tiatsikana tamasaya ofiira tovala masiketi ofutukuka, tonse titaima pa matsinde opotanapotana opaka golide, kumbuyo kwake zitsamba za timaluwa tosaposa njere ya mapira. Ankati zinaumbidwa ku Derby zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Chimodzi chinali mtsikana woweta nkhosa, atafukata kamwana ka nkhosa. Ndinawauza kuti kwathu munthu atapita kubusa atavala choncho, chisoso chingamumalize. Anaseka mpaka kutsokomola.

Atayamba kufooka, tsiku lina anandikulungira mtsikana uja m'thaulo. Ndinakana, iwo n'kukakamira. Inu munkati nyama yopatsidwa, yamba wafunsa mwini mbuzi. Ndinafunsa, Amayi. M'mawa mwake ndinakauza manijala wathu wa kukampani ija, iye n'kuti kachidole chabe, ndingotenga.

Gogo atamwalira, mwana wawo anabwera ndi munthu wodziwa zinthu zamakedzana, napeza kuti m'kabati mukusowa chimodzi. Apolisi anafika kwathu ku Erdington Loweruka m'mawa, Takondwa akuona, aneba ali m'mawindo. Manijala uja atafunsidwa anati sakukumbuka kanthu. Kuchipatala anandiimitsa ntchito. Pasipoti apolisi anandilanda, ati ndingathawe. Sabata yomweyo Yohane anaimba kuti mwatisiya.

Ndinapempha. Ndinagwada pamaso pa wapolisi wamsinkhu wa Lusiya, ndikumuuza kuti ndikangoika mayi anga ndibweranso. Anandipatsa kapu ya tiyi. Maliro anu ndinawamvera pa foni nditakhala pansi m'khitchini, ndipo khadi yoimbira inathera pakati pa nyimbo, bokosi lisanatsike.

Munkati kwa eni kulibe mkuwe. Zoona, sindinakuwe. Koma chimene simunandiuze n'chakuti ndi anzako omwe amakutseka pakamwa. Kutchalitchi chathu cha Amalawi, amayi ena amene ndinawalandira ndekha pabwalo la ndege anayamba kupanira zikwama m'khwapa ndikakhala pafupi. Kudzandipepesa maliro anabwera, koma maso ali pa mashelefu.

Patapita miyezi, mayi woyandikana nyumba ndi gogo, amene analipo tsiku londipatsa lija, anabwerako kwa mwana wake kumene ankachezera. Atamva nkhaniyi anapita yekha kupolisi. Mlandu unathera pomwepo. Ntchito ndinabwerera, pasipoti anandibwezera, koma wopepesa sindinamuone, kaya manijala, kaya bambo wamataye uja. Zidole zotsalazo akuti anazigulitsa zonse nyumba isanazizire n'komwe.

Changacho apolisi anandibwezera m'pepala la pulasitiki, atachimata nambala, dzanja limodzi litathyoka. Abusa akuti ndikhululuke. Bambo a Takondwa akuti ndichigulitse tiiwale. Zonsezi zikundikanika. Ndinachiika pansi pa sinki pamodzi ndi sopo wochapira, ndipo ndikatsegula ndimachipeza chikumwetulirabe. Chinthu chosapuma, chosalira, chinali ndi apolisi ochiyang'anira, pamene inu munalowa m'manda popanda dzanja langa kukutsekani maso.

Mvula ikangotha ndikubwera, Amayi, ndipo Takondwa ndimutenga. Ndikulonjeza kuti ndidzamanga chiliza chanu, n'kukhala nanu tsiku lonse osayang'ana wotchi. Chimene chikundiwawa n'chakuti ine, amene ndinayamba kuyamwa bere lanu, ndidzachita kufunsa Yohane kuti manda anu ndi ati.

Ndimakukondani, ndipo sindinanyade ayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati